Agogo achizungu andiuza kuti coxcombry, kodi anditukwana kapena andiyamikira?

Mtchona_wa_Leeds:
Abale ndithandizeni pang'ono, makamaka inu amene munapita patali ndi Chingerezi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ndiye pali agogo ena aamuna amene ndimawasamalira, zaka zawo zinadutsa 80, anali mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale moyo wawo wonse ndipo timamvana kwambiri. Loweruka lapitali kunali ukwati wa mnzanga wakumudzi, ine ndinatchena ndithu sindinama, suti ya maruni, kansalu kagolide m'thumba la pachifuwa, nsapato zosongoka zija, wotchi, ndi chipewa chimene ndinachita kugulira tsikulo. Popita ndinadzera kuntchito kukasiya makiyi ndiye ndinati ndiwalonjere kaye. Atandiona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anaseka nkunena liwu limodzi lokha, coxcombry. Ndinawapempha kuti andilembere papepala ndipo analembadi. Ndinangomwetulira nkumapita koma mtima sunakhale m'malo mpaka lero. Pafoni akungondiuza kuti ndi khalidwe la coxcomb, nanga coxcomb wakeyo ndi ndani? Anandiyamikira kapena ananditukwana?

Kabaza_Original:
Akutukwanani achimwene. Munthu akayamba waseka kenako nkutulutsa liwu loti inu simulidziwa, palibe chabwino pamenepo.

NaBanda_Mabuku:
Si kutukwana kumene timakudziwa ife kuja, koma musanyengedwe, si kuyamikiranso ayi. Ndiyambe ndi kumene liwuli linachokera chifukwa mukagwira pamenepo zotsalazo zibwera zokha. Coxcomb ndi kalembedwe kena chabe ka cock's comb, chofiira chija chimakhala pamutu pa tambala. Kale ku England mafumu ndi anthu achuma ankasunga munthu pakhomo woti aziwaseketsa, ankamutcha fool, titi chitsiru cha mfumu. Henry VIII anali naye wake dzina lake Will Somers. Ndiye chitsiruchi chinkavala chisoti chakechake, pamwamba pake atasokererapo kansalu kofiira kodula manomano kofanana ndi cha tambala chija, nthawi zina ndi timabelu. Chisoti chimenecho ndiye chinkatchedwa coxcomb m'zaka za m'ma 1500. Kenako dzina linachoka pachisoti nkugwera munthu, aliyense wopusa nkumanenedwa kuti coxcomb, ndipo pofika m'ma 1700 linali litakhazikika pa kupusa kwa mtundu umodzi, kwa mwamuna amene mtima wake wonse uli pa maonekedwe ake, amayenda akudziyang'ana, amaganiza kuti aliyense akumusirira pomwe anthu akumuseka kumbali. Coxcombry ndiye khalidwe lakelo. Kachidutswa ka -ry kumapetoko kakugwira ntchito imene u- amagwira kwa ife, chitsiru nkukhala uchitsiru, mfiti nkukhala ufiti.

Mtchona_wa_Leeds:
Ndiye kuti mwachidule ananditcha chitsiru eti achemwali?

NaBanda_Mabuku:
Sananene kuti ndinu coxcomb, anati chimene akuona ndi coxcombry. Zimasiyana. Mayi akamuuza mwana kuti zimene wachitazi ndi zachibwana sikuti amutaya.

Kabaza_Original:
Kusiyana kwake kuli pati? Wochita zaufiti ndi mfiti basi.

Mphunzitsi_Wopuma:
A Kabaza dekhani. Ndiwonjezere pa zimene anena a NaBanda, chifukwa pali mbali ina imene anthu amaiphonya, amaganiza kuti liwuli ndi la zovala zokha. Samuel Johnson atatulutsa dikishonale yake mu 1755, pa coxcomb sanangonena za wokonda kudzikongoletsa, ananenanso za munthu wonamizira kudziwa zinthu pomwe nzeru zake nzapamwamba chabe. Ndiye mnyamata woti wawerenga masamba awiri a buku nkumayankhula pamaliro ngati pulofesa, ameneyonso ndi coxcomb ngakhale atavala sanza. Muzu wa liwuli ndi uchitsiru, zovala zinachita kubwera pambuyo.

Ndipo kwa Shakespeare mumaliona likusinthasintha. Mu King Lear, sewero la cha m'ma 1605 kapena 1606, chitsiru cha mfumu chikuvula chisoti chake nkumapatsa Kent, mtumiki wokhulupirika wa mfumuyo, kuti avale iye, chifukwa choti wasankha kutsatira mfumu yoti yagawa dziko lonse kwa ana ake nkutsala manja lende. Pamenepo coxcomb ndi chisoti chenicheni, koma uthenga ndi woti wopusa pano sindine ayi. Mu Twelfth Night liwu lomwelo likutanthauza mutu wa munthu, wina wamenyedwa ndipo akuti coxcomb yake ili magazi okhaokha. Mu Othello, Emilia, wantchito wa mkazi wa Othello, atazindikira kuti Othello wapha mkazi wake chifukwa cha bodza, akumukalipira pomutcha coxcomb wakupha, ndipo apo palibe za suti, akunena kuti chitsiru iwe. Ndiye agogo anuwo poti anaphunzitsa mabuku amenewa zaka zambiri, liwulo analitola m'menemo. Mumsewu wa ku Leeds simudzamva mnyamata akulinena.

Mwana_wa_Ntcheu:
Aphunzitsi mwatikumbutsa fomu 3 kkkk. Koma funso langa ndi lakuti pa Chichewa tinganene kuti chani? Ine ndikuona ngati ndi kutchena basi.

Nasimelo_22:
Ayi ayi kutchena si mlandu. Ukatchena anthu amati mwatchena bwanji, iwe nkuthokoza. Palibe amakwiya atauzidwa kuti watchena.

Dolo_wa_Ndirande:
Kudzimva shuga. Nkhani yatha.

NyanjaBoy_Lsk:
Kuno ku Lusaka tikamba ati amazimvela. Ni same na ija ya a Dolo.

Mphunzitsi_Wopuma:
Kudzimva shuga kwayandikira koma kwasiya kanthu panja. Munthu atha kudzimva shuga ali ndi chifukwa, mwina mpira amautha, mwina sukulu anakhozadi, timangodana ndi kudzimvako. Coxcomb alibe chimene akudzimvera kupatula chipewa. Matama nawo ndi a pakamwa, munthu wamatama amachita kunena yekha kuti ine ndili ndi chakuti. Kunyada ndi kwa mumtima ndipo kumabwera ndi kunyoza ena. Kudzitukumula kuli ndi chithunzi chabwino chifukwa ukuona nkhukutembo itafufuma nthenga. Kuyerekedwa nako kuli pafupi. Koma liwu limodzi lonyamula zitatu zonse, kukonda galasi, kudziona wapamwamba, ndi mutu wopanda kanthu, ine sindikulipeza. Tikafuna kunena zimenezo ife timathawira ku mwambi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

NaBanda_Mabuku:
Aphunzitsi pamwambipo ndikutsutsani pang'ono. Mkuyu umanyenga wokudya, ukauona kunja umati nkwabwino kenako nkupeza nyerere. Coxcomb sanyenga munthu, aliyense akumuona mmene alili, wonyengedwa ndi mwini wake yekhayo. Nchifukwa chake chithunzi cha tambala chikukwana bwino, amayenda pabwalo chifuwa patsogolo kumaganiza kuti kunja kumacha chifukwa iye walira.

Mphunzitsi_Wopuma:
Pamenepo mwandigonjetsa mayi, ndavomera.

Kabaza_Original:
Poti mwatchula tambala, ndani pano anagwirako 1 tambala ndi manja ake? Ana a masiku ano ukawauza kuti matambala 100 ndi kwacha imodzi amaona ngati nthano.

Gogo_Chalo:
Ine ndinagwira. Ndalama zimenezi zinabwera mu 1971 ndili mnyamata, tisanazolowere tinkawerengabe mashiling'i m'mutu. Ndi matambala ochepa unkatuluka m'golosale thumba lili ndi kanthu.

Mwana_wa_Ntcheu:
Lero ukaponya koini pansi ngakhale mwana satola.

Dolo_wa_Ndirande:
Tambala wina uja wakuda bwanji osamutchula, kapena mukuopa?

Admin_Chisale:
A Dolo zandale pano ayi, malamulo mukuwadziwa. Tibwerere ku funso la achimwene a ku Leeds.

Mayi_wa_Atatu_Jhb:
Ine nkhaniyi yandikhudza mwina mosiyana ndi ena. Munthu wagwira ntchito sabata yonse atavala yunifomu, kusambitsa anthu, kuwasintha, kuwadyetsa, tsiku limodzi lokha wati ndivale ndioneke ngati mwana wa munthu paukwati wa mnzanga, ndiye wina nkumuseka ndi liwu la m'mabuku? Kuno ku Johannesburg kuli azibambo amatchedwa ma swenka, ambiri ndi Azulu ogwira ntchito zamanja okhala m'mahositelo, Loweruka usiku amavala masuti awo abwino nkumapikisana pamaso pa woweruza, amayang'ana suti, nsapato, tayi, mayendedwe, zonse. Ndipo pakati pawo ukhondo ndi kudzisunga ndi nkhani yaikulu, si zauchidakwa ayi. Mlendo atha kuwaona nkumati zachibwana. Koma kwa munthu woti mlungu wonse palibe amamuyang'ana kumaso, suti ija ndi imene imamukumbutsa kuti ndi bambo. Malemu bambo anga anapita ku Theba, pobwera anatsika basi ali ndi jekete, chipewa ndi wailesi, mudzi wonse unatuluka. Jekete imeneyo anaisunga mpaka tinawaika nayo. Wina anene kuti anali coxcomb ndimumve.

Nasimelo_22:
Mwayankhula mayi. Ndi a ku Congo aja ma sapeur a ku Brazzaville ndi Kinshasa chimodzimodzi, Papa Wemba ndi amene anatchukitsa zimenezo.

Kabaza_Original:
Koma a ku Congo aja ena amagona ndi njala chifukwa cha nsapato, ana kusukulu fizi osalipira. Pamenepo musawaikire kumbuyo.

Mayi_wa_Atatu_Jhb:
Amene akugonetsa ana ndi njala ameneyo mutcheni dzina lililonse, ine sindikumuteteza. Ndikunena za munthu woti udindo wake akukwaniritsa.

NaBanda_Mabuku:
Mayi a ku Joni mwakhudza penipeni, ndipo chodabwitsa nchakuti Angerezi eni ake anakanganapo nkhani yomweyi, nchifukwa chake mawu a munthu wotereyu ali nawo ambiri ndipo salemera mofanana. Fop poyamba linkangotanthauza wopusa, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 masewero a ku London anadzaza ndi anthu otere, Sir Fopling Flutter mu sewero la George Etherege la 1676, Lord Foppington mu la John Vanbrugh la 1696, amuna a mawigi aatali, maliboni, mafuta onunkhira, oyankhula mothira timawu ta Chifalansa kuti anthu adziwe kuti anafikako ku Paris. M'ma 1760 ndi 1770 kunabwera ma macaroni, anyamata a mabanja olemera amene anakayenda ku Italy nkubwera ndi wigi yaitali ngati chulu, kachipewa kakang'ono kali pamwamba penipeni. Mawigiwo ankawathira ufa woyera, mpaka mu 1795 boma la William Pitt linaika msonkho wa guinea imodzi (ndalama yagolide ya nthawiyo) pachaka kwa aliyense wofuna kuthira ufa m'tsitsi, ndipo fashoniyo inayamba kufa.

Kenako kunabwera Beau Brummell, wobadwa mu 1778, mnzake wa kalonga amene anadzakhala George IV. Iyeyu anakana zonyezimira zonse. Jekete yakuda bii kapena yabuluu wodera yosokedwa mokwana thupi, malaya oyera mbee, nsalu ya m'khosi yomangidwa mosamala, ndi kusamba tsiku lililonse, zomwe panthawiyo sizinali za aliyense. Otere ndiye ankatchedwa dandy, ndipo suti imene achimwene munavala ija mzere wake ukuchokera kumeneko. Ndiye dandy ena ankamulemekeza, amati ali ndi diso. Coxcomb sanalemekezedwepo ndi kale lonse. Ngakhale Brummell yemweyo mathero ake anali omvetsa chisoni, ngongole za juga zinamuthamangitsa mu 1816 nkuthawira ku Calais ku France, ndipo anafera ku Caen m'dziko lomwelo mu 1840 ali mmphawi, mutu utasokonekera. Lero chiboliboli chake chili mu Jermyn Street ku London, msewu wa mashopu a malaya a amuna.

Mtchona_wa_Leeds:
Ndiye bola akanati dandy.

Mphunzitsi_Wopuma:
Bola inde. Koma ndikupatseni muyeso wina woti mudziyeze nokha achimwene. Mu buku la Jane Austen la 1811, Sense and Sensibility, muli mnyamata Robert Ferrars amene akutchedwa coxcomb. Chimene wolembayo akutionetsa si mtundu wa jekete yake. Ali m'shopu ya zokongoletsera ku London, akusankha kabokosi kosungiramo timitengo totokosera m'mano, akuunika kalikonse mphindi 15 zathunthu, pati pakhale mnyanga wa njovu, pati golide, pati ngale, amayi awiri aima kumbuyo kwake kudikira ndipo iye akawacheukira nkungowayang'ana ngati akufuna aone nkhope yake. Uchitsiru wake uli pamenepo, kanthu kachabechabe wakasandutsa nkhani yaikulu ndipo anthu ena kwa iye ndi galasi chabe. Tsono inu munapatuka panjira ya ku ukwati kukalonjera nkhalamba. Robert Ferrars sakanapatuka.

Kabaza_Original:
Kapena anapatuka kuti nkhalambayo ione suti.

Mtchona_wa_Leeds:
A Kabaza funso limenelo ndadzifunsa ndekha usiku. Makiyi ndikanatha kusiya pa resepushoni nkumapita. Zoona zake ndinkafuna andione ndithu, chifukwa chaka chonse amandiona ndi yunifomu ndi magolovesi, ndinkafuna aone kuti kunja kuno ndine munthu wina. Ngati chimenecho ndi cholakwa ndiye ndinalakwa.

Mayi_wa_Atatu_Jhb:
Simunalakwe chilichonse mwana wanga.

Namwino_Manchester:
Pepani ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Ine liwu la coxcomb ndinakumana nalo kwina kosiyana kotheratu, kusukulu ya unamwino. Florence Nightingale atabwera kuchokera ku nkhondo ya ku Crimea anajambula chithunzi chozungulira chogawidwa m'zigawo 12, mwezi uliwonse chigawo chake, kuonetsa kuti asilikali ambiri ankafa ndi matenda opeweka kuposa mabala a kunkhondo. Chinatuluka mu 1858 ndipo mpaka lero anthu ambiri amachitcha coxcomb. Ndiye nditaona mutu wa nkhaniyi ndimayesa mukukamba za masamu.

Nasimelo_22:
Palinso duwa lija lofiira lopindikapindika ngati ubongo, pachingerezi amalitchanso dzina lomwelo la cha pamutu pa tambala. Amayi anga ankalibzala kutsogolo kwa nyumba.

Mwana_wa_Ntcheu:
Funso lina, liwuli ndi la amuna okha? Nanga akazi odzimva aja amawatcha chani?

NaBanda_Mabuku:
M'mabuku pafupifupi nthawi zonse ndi mwamuna, tambala ndi wamwamuna paja. Mkazi ankamunena ndi mawu ena monga coquette, koma limenelo limapita kwambiri ku kukopa amuna mosewera. Ndipo pali kukondera kobisika m'menemo, ankaona ngati mkazi kukonda galasi nchibadwa chake, koma mwamuna akatero ndiye wadzitsitsa, wasiya zaamuna.

Nasimelo_22:
Ndi kwathu komwe zilipo zimenezo. Mnyamata akangodzola mafuta onunkhira kapena kusita malaya kawiri ayamba kumunena. Mchimwene wanga ankabisa pafyumu m'chikwama cha mabuku kuopa malume.

Gogo_Chalo:
Inu ana simunaone nthawi imene kavalidwe kanali nkhani ya apolisi. Kuyambira 1973 akazi thalauza ndi siketi yaifupi zinali zoletsedwa, ife amuna tsitsi lalitali ayi, mabelu botomu ayi. Ndinaonapo mnyamata akumetedwa pagulu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndipo ku England nakonso zinachitikapo agogo, mu 1574 Mfumukazi Elizabeth I analengeza malamulo oletsa kuvala mopyola muyeso, ankatchula nsalu ndi mitundu yoti avale a udindo wakuti okha, chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti anyamata a mabanja abwino akumwaza chuma ndi kulowa m'ngongole chifukwa cha zovala. Ndiye pansi pa mawu ngati coxcomb pamakhalanso kafungo koti iwe wavala zoposa msinkhu wako. Apa ndi pamene ndikumvetsa mkwiyo wa mayi a ku Joni. Liwu lomwelo likachoka pakamwa pa mnzako ndi nthabwala, likachoka pakamwa pa munthu amene amakuona ngati wantchito chabe limaluma.

Kabaza_Original:
Ndiye mwabwera mbali yanga aphunzitsi.

Mphunzitsi_Wopuma:
Sindinabwere. Ndikunena kuti ife tili kutali sitinamve mmene mawu anatulukira. Achimwene akawafunse eni ake, poti amamvana.

Mtchona_wa_Leeds:
Ndabwerera abale, ndinatsatira malangizo a aphunzitsi. Dzulo nditawapatsa tiyi ndinakhala pansi nkuwauza kuti liwu lija ndinalifufuza, ndikudziwa za chisoti cha chitsiru, za King Lear, zonse. Anasangalala kwambiri kumva King Lear moti anayamba kunena mizere ya chitsiru chija pamtima, ine kumangomvera. Kenako ndinawauza mosabisa kuti zinandiwawa, ndinawafotokozera kuti kwathu ukapita ku ukwati utavala mwawamba ndiye kuti wanyoza mabanja onse awiri, kutchena kuja ndi ulemu kwa eni mwambo osati kudzionetsa. Anakhala chete kanthawi ndithu. Anati suti inali yabwino ndipo chimene chinawaseketsa ndi chipewa chokha, chifukwa chinawakumbutsa chimene iwo anagula ali mnyamata kuti akakope mtsikana amene anadzakhala mkazi wawo, ndipo bambo awo atawaona nacho ananena liwu lomwelo. Akuti chikhalireni sanapezenso munthu woti amuuze liwulo mpaka tsiku limenelo. Anapepesa kawiri. Ine ndawakhulupirira, ngakhale pansi pamtima kakadalipo kakang'ono koti akanayamba ndi kunena kuti suti ili bwino.

Kabaza_Original:
Nkhani ya bambo awoyo atha kupeka pompo kuti muzizire.

Mtchona_wa_Leeds:
Chithunzi anandionetsa a Kabaza, chili mu alubamu yawo, chipewa chili pamutu mayi ali pambali.

Mayi_wa_Atatu_Jhb:
Mwachita bwino kuwauza kuti zinakuwawani. Ambiri a ife kunja kuno timangomwetulira nkukalirira kunyumba.

Dolo_wa_Ndirande:
Chabwino zatha bwino, koma liwuli limatchulidwa bwanji? Pali mkulu wina kuntchito kwathu ndikufuna ndikamuyese nalo Lolemba.

NaBanda_Mabuku:
B uja satchulidwa. Munthuyo ndi kokskomu, khalidwelo kokskomuri. Koma a Dolo ngati mkuluyo ndi amene amasaina malipiro anu ndiye lisungeni kaye.

Mtchona_wa_Leeds:
Andipempha kuti Lachitatu ndipite ndi zithunzi za ukwati, ndipo akuti ndisaiwale chipewa, akufuna achiyese.